Tofu wa Lachitatu

Ine ndine telala, ndipo diso langa silinama. Munthu akangolowa m'shopu mwanga ndimadziwa kukula kwa chiuno chake, ndimadziwanso ngati diresi wavalalo ndi lake kapena lobwereka. Koma pa nkhani ya a Mphindi diso lomwelo linagona tulo, ndipo ndikaganiza ndimadzipsera mtima ndekha.

A Mphindi si dzina lawo. Ndinawapatsa ndine, chifukwa akati afika folo koloko, folo koloko yeniyeniyo amakhala akugogoda. Amakonza mawotchi m'kachipinda ka kutsogolo kwa nyumba yawo, ndipo tinadziwana pamene ndinawapititsira wotchi ya malemu bambo anga. Anaikonza tsiku lomwelo, koma anati ndizibwera nayo Loweruka lililonse kuti aziimvetsera ngati ikuyenda bwino. Ndinkadziwa kuti wotchiyo ilibenso vuto, komabe ndinkapita, nditadzola ndi mafuta onunkhira omwe. Patatha miyezi inayi anandifunsira, atathyola khosi. Ndinawalola pomwepo, chifukwa ndinali nditawakonda kale kwambiri.

Vuto linali limodzi. Mkazi wawo anamwalira zaka ziwiri zapitazo, n'kusiya mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri. Achemwali anga atamva anandiimbira foni n'kundikalipira mpaka batire kutha. Anati mwamuna woferedwa amakhala ndi akazi awiri, wina kukhitchini wina pakhoma, ndipo wapakhomayo sakalamba, sapsereza ndiwo, salakwa. Ndinawayankha kuti wakufa sapikisana ndi wamoyo. Anangoseka, n'kundikumbutsa kuti wakutsina khutu ndi mnansi. Mawu awo anandilowa ngakhale ndinkakana. Chimene ndinkafuna chinali chimodzi chokha: a Mphindi andikonde ineyo, telala wa pakamwa pakuthwa, osati kundiyesa chigamba chotsekera pong'ambika.

*

Tsiku loyamba kundiitana kuti ndikadye nawo linali Lachitatu madzulo, dzuwa lisanalowe. M'nyumbamo munali mawotchi paliponse: pakhoma, pashelefu, pamwamba pa kabati, ena a anthu amene sanabwerenso kudzatenga. Onse ankayenda, koma osagwirizana, moti pabalaza pankamveka ngati pali gulu la anthu akunong'onezana. Pakati pa mawotchiwo panali chithunzi cha malemu mkazi wawo, atavala diresi lachikasu, akumwetulira pang'ono. Ndinaona kuti diresilo linasokedwa bwino, ndipo zinandiwawa.

Mwanayo ankamutcha Kambewa, chifukwa chichitikire maliro a mayi ake sankadya, ankangotsinatsina chakudya m'mphepete mwa mbale. Mikono yake inali yoonda moti ndinaopa kumugwira mwamphamvu. Anandipatsa moni ndi mawu otsika, n'kundiyang'ana nthawi yaitali osaphethira.

Panalinso mng'ono wake wa malemu, mlamu wa a Mphindi, amene ankabwera madzulo aliwonse kudzaona mwanayo. Anali mkazi wokongola, wosakwatiwa, wa milomo yopyapyala. Anandipatsa moni wa nsonga za zala, n'kundiyeza ndi maso kuchokera kutsitsi mpaka kunsapato. Panalibe chifukwa chofunsira woombeza, mpando umene anandikhazikawo ankaufuna ndi iyeyo.

A Mphindi anandifotokozera mwaulemu kuti Lachitatu m'nyumbamo amadya tofu. Malemu atayamba kudwala, adokotala anawaletsa nyama, ndiye anaphunzira kuphika tofu, chinthu choyera chofewa chopangidwa ndi soya, chimene chimagulitsidwa m'kapaketi ka madzi. Ankamukazinga mwachangu akaweruka kuntchito, ndipo mwanayo ankamukonda kuposa nkhuku. Chimwalirire mayiwo, palibe amene anakwanitsa kumuphika mpaka mwana kudya. Anandifunsa ngati ndingayeseko.

Safunsa anadya phula. Ine tofu ndinali ndisanamugwirepo chibadwire, koma pamaso pa mlamuyo sindikanavomera ngakhale atandiika mpeni pakhosi. Ndinamutenga ngati nyama. Ndinamuduladula, n'kumuponya m'mafuta madzi ali chuchuchu, n'kumavundula ndi supuni mwamphamvu zanga zonse. Mafuta anathetheka mpaka kundiwotcha pamkono, tofuyo anamatirira pansi pa felempani n'kuphwanyikaphwanyika. Nditathiramo tomato kuti ndibise manyazi, zonse zinangosanduka phala.

 Mlamuyo analawa kamodzi n'kufunsa alamu ake ngati m'nyumbamo munatsala buledi. Kambewa anakankhira mbale kutali. A Mphindi anadya zonse pang'onopang'ono, ndipo pondiperekeza pokwerera basi anati ndisadandaule, Lachitatu limabweranso. M'basimo ndinalira ndithu, chifukwa mkazi wa diresi lachikasu anali atandigonjetsa ali pakhoma.

*

Lachisanu masana, dzuwa likuswa mtengo, foni yanga inalira kamodzi. Nambalayo sindinkaidziwa. Uthenga wake unali waufupi: "Tofu safuna madzi. Mukulungeni m'kansalu koyera, mumupsinje ndi cholemera kwa mphindi makumi awiri."

Poyamba ndinaseka, ndimayesa ndi achemwali akundinyogodola, popeza ndinali nditawaululira za phala langa lija. Kenako ndinakuza kachithunzi ka mwini nambalayo. Linali diresi lachikasu lija, ndi kumwetulira komwe kuja. Singano imene inali m'manja mwanga inagwa pansi. Ndinaimba nambalayo katatu, koma inali yotseka.

Achemwali sanachedwe kugamula mlandu. Anati akufa sagula mayunitsi, ameneyo ndi mlamuyo, anatenga foni ya mkulu wake ndipo akufuna kundithamangitsa ndi mantha. Malangizo awo anali akuti nambalayo ndiitsekere, a Mphindi ndiwasiye ndi mawotchi awo, amuna sanathe padziko. Ine sindinachite chilichonse mwa ziwirizo. A Mphindi sindinawauze, poopa kuti angandione ngati mkazi amene asanalowe n'komwe m'nyumba wayamba kale kudanitsa anthu ndi abale awo. Komanso, kunena zoona, ndine wamakani. Ndinati ngati mlamuyo akufuna kundiopseza ndi maphunziro, maphunzirowo nditenga, ndimugwetse ndi ndodo yake yomwe.

Mauthenga anapitiriza kubwera, umodzi patsiku, nthawi ikangokwana wani koloko. Wa Lolemba unali wa msuzi wonyikamo tofuyo: masupuni atatu a sosi wa soya, imodzi ya uchi, madzi a theka la ndimu, adyo wosinja ndi jinja pang'ono, anyikidwe mphindi khumi ndi zisanu. Wa Lachiwiri unangoti: "Cholemera chili m'kabati ya pansi, kuseri kwa mapoto." Munalibe moni, munalibe chipongwe. Chimenecho ndi chimene chinkandiopsa kwambiri, chifukwa mkazi wansanje satha masiku asanu osatukwana.

*

Lachitatu lachiwiri ndinafika faifi koloko. A Mphindi anandilandira n'kubwerera kukachipinda kawo, anati pali wotchi imene mwini wake akuifuna mawa. Mlamuyo anali pampando pabalaza, foni m'manja. Kambewa ankalemba za kusukulu patebulo.

M'kabati ya pansi, kuseri kwa mapoto, ndinapezadi cholemera. Chinali chitsulo chachikasu chonga botolo laling'ono, cha mtundu umene umalendewera m'mawotchi akuluakulu a pakhoma, chokulungidwa m'kansalu koyera. Ndinanunkhiza kansaluko mwachizolowezi cha ntchito yanga, ndipo kankamveka fungo la nsimbi. Wina anali atakasita sabata yomweyo.

Ndinachita monga anandiuzira. Ndinakulunga tofu m'kansalu, mbale pamwamba, chitsulo pamwamba pa mbaleyo, ndipo madzi anayamba kutuluka pang'onopang'ono, ambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Podikira ndinateleka mpunga n'kuthyola nsonga za zitheba. Tofu atauma ndinamudula, n'kumunyika mu msuzi uja, kenako n'kumugubuduza mu ufa pang'ono. Mafuta atatentha ndinayala zidutswazo m'felempani. Dzanja langa linapita lokha pa supuni kuti ndivundule, ndipo nthawi yomweyo foni inanjenjemera pamwamba pa firiji.

"Musamugwire. Mphindi zinayi."

Ndinayang'ana pawindo. Kunja kunali khoma la nyumba yoyandikana nayo, lopanda windo, ndi chingwe choyanikapo zovala chopanda kanthu. Chitseko cha khitchini chinali chotseka. Ndinachitsegula pang'ono n'kusuzumira pabalaza. Mlamuyo ankalembadi pa foni yake, koma anali atafulatira khitchini, moti sakanaona dzanja langa ngakhale akanakhala ndi maso kunkhongo. Ndinatsekanso, n'kuima pafupi ndi moto manja ali kumbuyo, mawotchi akunong'onezana kuseri kwa khoma. Mphindi zinayi zimenezo zinatalika kuposa ulaliki. Nditatembenuza, tofuyo anali wofiirira bwino, osamatirira ngakhale pang'ono. Uthenga wina unati msuzi wotsalawo ndithire kumapeto, moto uli wochepa. Ndinathira, unawira n'kunanda, ndipo fungo la adyo ndi uchi linadzaza nyumba yonse.

Nditacheuka, Kambewa anali ataima pakhomo la khitchini. Sindinamve chitseko chikutseguka. Sankayang'ana ine, ankayang'ana pambali panga, pamene panalibe munthu. Patebulo anadya zidutswa zitatu, kenako anaika foloko pansi n'kunena kuti amayi ake ankadula mopingasa. A Mphindi ankatafuna atatsinzina, ndipo atamaliza anagwira dzanja langa pamaso pa mlamu wawo, kwa nthawi yoyamba. Ndisakunamizeni, ndinasangalala. Mantha analipo, koma chimwemwe chinawakhalira pamwamba.

*

Loweruka tinapita kukakhala pabenchi ya m'paki, ine ndi a Mphindi, ngati achinyamata. Anandigulira ayisikirimu, n'kumandipukuta ndi mpango wawo ikandidontha padzanja. Akakhala kutali ndi nyumba ija anali munthu wina, woseka, wodziwa nkhani za makasitomala ake onse. Anandiuza za bambo wina amene anabweretsa wotchi kuti aibweze m'mbuyo ndi ola lathunthu n'cholinga choti akazi ake asamadziwe nthawi imene amafika kunyumba. Ndinaseka mpaka misozi, ndipo ndinadzifunsa kuti munthu wabwino chonchi ndimuvutitsirenji ndi nkhani za mizimu.

Komabe kamtima kankandiluma. Ndinawafunsa kuti anaona chiyani mwa ine tsiku loyamba lija. Ndinkayembekezera kuti atchula maso, kapena kuseka kwanga, kapena ngakhale makani angawa. Anatenga dzanja langa, n'kulitembenuza ngati akuyang'ana wotchi kumbuyo.

"Manja anu," anatero. "Sanjenjemera, ndipo amaphunzira msanga."

Ndinawatenga ngati mawu achikondi. Ndinatsala pang'ono kuwaonetsa mauthenga aja, foni inali kale m'dzanja langa lina, koma iwo anayamba kunena za Kambewa. Anati Lachinayi m'mawa mwanayo anapempha yekha buledi, chinthu chimene sanachitepo kwa miyezi, ndipo anafunsa ngati anti a nsalu abweranso. Nkhope yawo inawala moti ndinachita chisoni. Foni ndinaibwezera m'chikwama.

*

Lolemba mlamuyo anabwera yekha kushopu kwanga, atanyamula siketi yoti ndimupindire, siketi imene inalibe vuto lililonse. Ndinadikira kuti kasitomala wina atuluke, n'kutseka chitseko. Ndinamuuza kuti masewera akewo ndatopa nawo, kuti kugwiritsa ntchito foni ya mkulu wake amene ali m'manda n'kusowa ulemu, ndipo ngati akuwafuna alamu akewo akawauze yekha, pakamwa ali napo. Mauthengawo ndinamuonetsa pamphuno pake penipeni.

Ndinkayembekezera kuti akana, kapena anditukwana. Iye anangokhala pabenchi nkhope itagwa, n'kutulutsa foni yake. Anafufuza kwa kanthawi, kenako anandipatsa. Nambala inali yomweyo, chithunzi chomwecho, mawu omwewo: tofu safuna madzi, cholemera chili kuseri kwa mapoto, mphindi zinayi. Madeti ake anali a chaka chatha.

"Nanenso ndinaphikapo, mayi," anatero. "Kasanu konse. Alamu ankandiyang'ana mmene akukuyang'anirani inumu. Kachisanuko ndinapsereza, mwana sanadye, ndipo uthenga womaliza ndi uwo."

Uthenga womalizawo unali ndi mawu awiri okha: "Basi, zikomo." Anati kuyambira tsiku limenelo alamu ake anabwerera kukhala alamu, aulemu ndi ozizira, ngati palibe chinachitika. Foni ya mkulu wake inasowa kuchipatala tsiku limene anamwalira, ndipo iye amakhulupirira kuti ndi mkulu wakeyo amene akudzisankhira mkazi womulerera mwana. Pabalaza paja, anati, ankangocheza ndi anzake pafoni kuti asaganize za fungolo, chifukwa limamukumbutsa zambiri.

"Musaganize kuti ndimakukondani," anatero akunyamula siketi yake. "Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

Sindinadziwe choti ndikhulupirire. Mkazi wansanje akhoza kudzilembera yekha mauthenga, ngakhale misozi imene inalengeza m'maso mwake sinkaoneka yobwereka. Ndinaima pawindo n'kumamuyang'ana akuwoloka msewu, dzanja lina siketi, lina ambulera. Wani koloko inakwana iye ali pakati pa msewu, manja onse awiri ali odzaza, ndipo foni yanga inalira patebulo.

"Mudule mopingasa. Epuloni ili kuseri kwa chitseko."

*

Achemwali anati ndikapitanso kunyumba imeneyo ndisadzawalirire. Ndinapita. Ndinkawakonda a Mphindi, kamwana kaja kanali katandilowa mumtima, ndipo ndinali nditatopa ndi kuopa munthu wosaoneka. Ndinali nditaganizanso chinthu chimodzi. Nambala ija ndinkaiimba nthawi imene inali yotseka, koma Lachitatu madzulo, pamene imandiyang'anira ndikuphika, iyenera kuti imakhala yotsegula.

Tsiku limenelo kunali mitambo, m'khitchini munali kachisisira ngakhale nthawi inali isanapite. Mlamuyo sanabwere. A Mphindi analowa m'kachipinda kawo monga mwa masiku onse. Kuseri kwa chitseko ndinapezadi epuloni yobiriwira, yakale koma yochapa bwino. Malemu anali wochepa thupi kuposa ine, chithunzi chinkaonetsa, koma epuloniyo inandikwana ndendende. Nditayang'ana zingwe zake ndinaona kuti wina anaziwonjezera ndi kansalu kena, n'kusoka ndi timisoko ting'onoting'ono tolondola, timene ngakhale ine sindingakwanitse popanda galasi. Ndinaimanga m'chiuno.

Ndinapsinja, ndinadula mopingasa, ndinanyika, ndinagubuduza mu ufa. Foni inali chete. Ndinadikira mphindi zinayi osagwira supuni, n'kutembenuza, n'kudikiranso zinayi. Manja anga ankadziwa okha chochita, ngati ndakhala ndikuphika m'khitchini imeneyo zaka khumi, ndipo zimenezo sizinandisangalatse. Nditathira msuzi wotsala n'kuphula felempani, foni inanjenjemera. Munali liwu limodzi lokha: "Mwakhoza." Ndisanaigwire n'komwe, Kambewa anali atathamangira kukachipinda kwa bambo ake n'kuwakoka dzanja kuti abwere kutebulo msanga.

Mwanayo anadya. Anamaliza za m'mbale mwake, anapempha zina, anamaliza mpunga ndi zitheba zomwe, kenako anapukuta msuzi ndi chala n'kunyambita. Anati ameneyu ndiye tofu wa amayi ake. A Mphindi misozi inkangotsika, osaipukuta. Anamutuma mwanayo kuti akasambe m'manja, ndipo atangotuluka anatulutsa kabokosi m'thumba n'kukatsegula pamaso panga. Munali mphete. Anati sakufunanso kudikira, akufuna abale ake akaonane ndi abale anga mwezi womwewo.

Mawu amenewo ndinkawalakalaka usana ndi usiku. Koma nditayang'ana pansi ndinaona epuloni ya mkazi wina m'chiuno mwanga, ndipo m'manja mwanga munkanunkha msuzi wa mkazi wina. Ndinawapempha kuti andidikire pang'ono. Ndinatenga foni yanga, n'kuimba nambala ija.

Poyamba kunali mawotchi okha. Kenako china chake chinayamba kulira motsika, pafupi kwambiri, m'thumba la pachifuwa la jekete la a Mphindi.

Sanadzidzimuke. Anapisa dzanja m'thumbamo n'kutulutsa foni yakale, yosweka pakona, n'kuiika patebulo pafupi ndi mphete. Inapitiriza kunjenjemera. Pagalasi lake sipanalembedwe dzina langa. Panalembedwa kuti Wachinayi.

Anafotokoza modekha, mmene amafotokozera kasitomala vuto la wotchi. Anati sanafune kundiopseza. Ankadziwa kuti palibe mkazi amene angalole mwamuna kumuuza kuti aziphika ngati mkazi wake wakale, koma mawu omwewo akachokera kwa malemu mkazi amamvera, kaya chifukwa cha mantha kaya cha makani. Sankafunika kundiona, anati, khutu lawo limamva wotchi imene ikutaya theka la mphindi patsiku, ndiye kumva mafuta akatentha kapena supuni ikanyamulidwa pambale si ntchito. Mwana ankangoonda, madokotala osapeza matenda, ndipo iwo analumbira kuti amubwezera chimene anataya. Anayesa mphunzitsi wina, anayesa mayi wina wa kutchalitchi, anayesa mlamu wawo. Onse analephera.

"Inu nokha ndi amene mwafika," anatero, akukankhira kabokosi kwa ine. "Sindinalakwe kukusankhani."

Ndinkafuna kukuwa, kuswa mbale, kuwaponyera chitsulo chawo chija. Koma mkwiyo wanga unali utasanduka chisoni, ndipo mawu anatuluka otsika.

"Tayenda limodzi miyezi isanu, bambo. Tandiuzani, ineyo ndimakonda kudya chiyani?"

 Anayang'ana mbale, anayang'ana manja anga, anayang'ana pakhoma. Munthu amene ankadziwa kuti basi yanga imachedwa mphindi zingati Lachitatu sanathe kutchula ngakhale chipatso chimodzi. Ndinadikira ndithu, ndikupemphera mumtima kuti angonena chilichonse, ngakhale chabodza. 

Ndinamasula epuloni, n'kuipinda bwinobwino, n'kuiika pampando. Ndinatenga chikwama changa n'kulunjika kukhomo. Nditangogwira chitseko, timanja tonyowa tinagwira dzanja langa lina. Kambewa anali atabwera kuchokera kubafa, milomo idakali yonyezimira ndi mafuta, ndipo ulendo uno ankayang'ana ine, m'maso mwenimweni.

"Anti, Lachitatu mubweranso? Ndidzadya zonse, ndikulonjeza."

Kumbuyo kwanga a Mphindi anali asanasunthe pampando. Analankhula mwaulemu monga mwa nthawi zonse, osakweza mawu.

"Mukapita, mawa sadya. Inunso mukudziwa."

Ndinkadziwadi. Dzanja langa limodzi linali pa chitseko, lina linali m'timanja tonyowa ta mwanayo, ndipo mwa manja awiriwo lofooka linali la pachitseko.